Adabwera ndi Sitima: Mbiri ya Opempherera Odwala pa Nkaya

Nkaya ndi mphambano ya njanji. Sitima yochokera ku Limbe ikawoloka Shire pa Shire North n'kufika pa Nkaya, imapeza njira ziwiri: kulunjika kumpoto kudzera ku Balaka mpaka ku Salima, kapena kukhotera kuvuma, kukawolokanso Shire pa Liwonde n'kupitirira mpaka ku Nayuchi, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Masiku ano pali njanji inanso yochokera kuzambwe, ku migodi ya malasha ya ku Moatize. M'mabuku a makampani onyamula katundu dzina la Nkaya ndi lalikulu. Koma munthu akatsika n'kupondapo, amapeza dera louma ndi lotentha, la milambe ndi masau, la minda ya thonje ndi nandolo, komwe mvula imabwera mochedwa n'kuthawa msanga. Kale derali linkawerengedwa ku boma la Kasupe, lomwe lidadzatchedwa Machinga. Kuyambira 1998 lili m'boma la Balaka, m'dera la Mfumu Nkaya.

Malo otere amadziwa matenda, amadziwanso kudikira. Wodwala amadikira mayendedwe, wapaulendo amadikira sitima, wamalonda amadikira ogula. Pomwe anthu akhala pansi kudikira, sipalephera kubwera munthu woti awayankhule. N'chifukwa chake mbiri ya kupempherera odwala pasiteshoni, pamsika ndi m'makomo a pa Nkaya imayendera limodzi ndi mbiri ya njanji. Alaliki ambiri adabwera ndi sitima, ndipo ambiri adapitanso ndi sitima. Akuluakulu akwathu amasimba za onsewo, koma amakhalitsa pa nkhani ya omwe adatsala.

Njanji isadafike n'komwe, anthu a kuno adali atayamba kale kuona pemphero ndi chilonda zili pamalo amodzi. Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Utale mu 1908, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, pakati pa midzi yomwe anthu ake ambiri adali Asilamu kapena otsata za makolo. Pofika zaka za m'ma 1930, Utale idali itatchuka ndi mudzi wa anthu odwala khate. Masiku amenewo wakhate ankamuopa ngakhale abale ake. Ankamumangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, mbale yake n'kukhala yakeyake, ndipo akamwalira anthu ankakankhizana za amene akamuike. Mankhwala omwe adalipo adali jakisoni wa mafuta a chaulmoogra, wopweteka kwambiri koma wothandiza pang'ono. Choncho ntchito yaikulu ya ansembe, masisitere ndi anthu a kuno omwe ankawathandiza idali kutsuka zilonda, kumanga mabandeji, kuphika phala ndi kupemphera. Agogo anga aakazi sadali Mkatolika, ndipo Chilatini cha pa misa ankangochiseka, koma za Utale ankazinena mwaulemu. Ankati kumeneko ankayamba kaye ndi beseni la madzi ofunda, pemphero linkabwera chilonda chitamangidwa. Mankhwala a dapsone adadzafika pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, m'zaka za m'ma 1980 kudabwera mankhwala ophatikiza omwe amachiziratu khate, ndipo pofika 1994 nthendayi idali itachepa kwambiri m'Malawi. Koma muyeso wa agogo aja udatsala m'mitu mwa anthu: wopempherera wodwala aonekere kaye pa beseni.

Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima idatha kumangidwa mu 1935, ndipo kwa zaka 35 pa Nkaya padali pongodutsa. Zinthu zidasintha mu 1970, boma la Kamuzu Banda litamanga njanji ya makilomita 101 kuchoka pa Nkaya kukafika ku Nayuchi ndi ngongole yochokera ku South Africa, kuti fodya ndi tiyi zizipita ku doko la Nacala, feteleza ndi mafuta zizibwera. Pamenepo padayamba kumera nyumba za ogwira ntchito ku Malawi Railways, timagolosale, malo omwera masese ndi kachasu, ndi amayi oyenda ndi malichero a zitumbuwa, nzimbe, mbewa ndi chimanga chophika m'munsi mwa mawindo a sitima. Sitima ya anthu inkatha kuima nthawi yaitali podikira ya katundu kuti idutse. Okwera ankatsika kukaongola miyendo, ena n'kukhala pamthunzi atatsamira mitolo yawo. Pakati pawo sipankasowa odwala: bambo wa chifuwa chachikulu yemwe amutumiza ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, mayi woyembekezera wotupa mapazi, mwana wa malungo atamufunditsa chitenje dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi yomweyo n'kuti mu Blantyre mukuyaka moto wina. M'zaka za m'ma 1970, anyamata ndi atsikana, ena akadali pasukulu, adayamba kulalikira m'misika ndi m'masiteji a basi ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa. Ankadzitcha obadwa mwatsopano. Adalibe kolala ya ubusa kapena pepala la ku sukulu ya zaumulungu. Ankati adaitanidwa m'maloto kapena ali pa mphasa ya matenda. Ankadzudzula mowa, fodya, chigololo ndi zithumwa, kenako n'kuitana odwala kuti awasanjike manja. Katswiri wina wa ku Netherlands, Rijk van Dijk, adakhala nawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kulemba za iwo, kuphatikizapo mtsikana wotchuka Linley Mbeta, yemwe ankachitira umboni kuti adamwalira n'kuukanso mu 1985. Mlaliki Shadreck Wame ankakoka makamu m'misonkhano ya chitsitsimutso. Mu 1985 Stanley Ndovie adayambitsa mpingo wa Living Waters, ndipo mu 1986 Reinhard Bonnke adasonkhanitsa chinamtindi cha anthu mu Blantyre. Zonsezi zidali za m'tauni. Koma mnyamata wa ku Ndirande wofuna kukalalikira kumudzi adalibe galimoto, ndipo tikiti yotsika mtengo idali ya sitima.

Ndili mwana ndinkaperekeza azakhali anga kukagulitsa chimanga pasiteshoni, ndipo mmodzi mwa anyamata amenewa ndimamukumbukira bwino. Adali wowonda, wa malaya oyera otha m'khosi ndi tayi yaifupi, Baibulo atalikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga kuopa thukuta. Ankayamba ndi kuomba m'manja ndi kolasi, osadikira kuti wina amuvomere. Amayi a malichero ndiwo ankayamba kuvomera, mwina chifukwa chomumvera chisoni. Ulaliki wake udali waufupi, diso limodzi lili pa anthu, lina lili pa injini. Akamaliza ankafunsa ngati pali wodwala. Tsiku lina mayi wina adatsitsa mwana kumsana, thupi lili moto, maso akutembenuka.

"Mwanayu wayamba liti, mayi?"

"Dzana, abusa."

"Ine si m'busa, mayi, ndine mlaliki chabe. Mukupita naye kuti?"

"Ku Balaka, kuchipatala."

"Mwachita bwino. Tipemphere kuti mukafike naye."

Adagwada pamiyala ya m'mbali mwa njanji n'kuika dzanja pa mwanayo. Chala chake chidakhudza kachingwe kakuda m'khosi, kokhala ndi kanthu kosokerera m'kansalu. Adatsegula maso n'kupempha lezala. Apo agogo a mwanayo, omwe adali phee nthawi yonseyi, adadzuka n'kumugwira mkono.

"Iwe mwana iwe, wabadwa liti? Kachingwe aka kalera amalume ake onse a mwanayu."

Mnyamatayo sadabweze mwano, koma sadagonjenso. "Agogo, mundikhululukire, koma sindingapemphere dzanja langa lili pa ichi."

Mayi wa mwana adayang'ana amayi ake, adayang'ana mlaliki, misozi ili mbwembwembwe. Sitima idalira nkhani isadathe. Onse adathamangira m'bogi, ndipo mlaliki adalowa momwemo, akunyamulira agogo aja mtolo wawo.

Mkangano umenewu ndiwo udali chachilendo chenicheni. Kupempherera odwala ansembe ndi abusa ankachita kale, mashehe nawo ankawerengera odwala awo. Koma kuti mnyamata wopanda ndevu atsutse nkhalamba pagulu, m'dziko lomwe munthu sankayankha mfumu, tcheyamani wa chipani kapena wa yufi wofunsa khadi, chidali chinthu chomwe anthu adali asadachionepo. Boma, lomwe lidaletsa a Mboni za Yehova mu 1967, lidawalekerera anyamatawa chifukwa sankatchula ndale, ndipo kudzudzula kwawo mowa ndi zovala zazifupi kunkagwirizana ndi mwambo womwe Kamuzu ankalalikira. Omwe adavutika nawo adali akulu a mipingo yakale. Anyamatawa akagona usiku umodzi kwa mkazi wa wogwira ntchito pa njanji kapena kwa mphunzitsi, ankasiya kagulu ka anthu asanu kapena khumi kosonkhana madzulo pa koloboyi. Mkhristu akayamba kupita ku felowoshipu yotere, kulankhula malilime ndi kukana mowa wa pa sadaka, nkhani inkafika ku bwalo la mpingo, ndipo mabanja ena adagawanika pakati. Komabe mwana akakomoka pakati pa usiku, mkulu wa mpingo yemweyo ankatha kutuma munthu kukagogoda kwa obadwa mwatsopano aja.

Mu 1984 nkhondo ya ku Mozambique idaimitsa sitima za ku Nacala. Asilikali athu adatumizidwa kukalondera njanjiyo mu 1987, koma katundu ankangodutsa mwa apo ndi apo, ndipo malonda pa Nkaya adazilala. Omwe adachuluka ndi okwera a mtundu wina. Edzi idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 sitima yochokera ku Limbe inkatsitsa ana a kuno omwe adapita kutauni ali ojintcha, tsopano atatsamira paphewa pa mlongo wawo. Ankawakweza panjinga kapena pangolo kupita nawo kumudzi, kasutikesi kali pamutu pa mphwawo. Dzina la nthendayo silinkatchulidwa. Ankati kaliwondewonde, matenda a boma, kapena kungoti wabwera kudzapuma. Kuchipatala wodwalayo ankampatsa panado ndi bactrim n'kuuza abale kuti akayese zakumudzi, ndipo aliyense ankadziwa chomwe auzidwa.

N'kuti dziko litangosintha kumene. Kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992, yomwe idasindikizidwa pa Balaka pompa, idatsegula pakamwa pa anthu, ndipo mu 1994 Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga, adalowa m'boma. Aliyense tsopano adali ndi ufulu woimika anthu pamsewu n'kuwauza zomwe walota. Wolota wamkulu adapezeka tsidya la Shire, m'mudzi wa Chikamana kufupi ndi Liwonde. Uyu adali Billy Goodson Chisupe, mlimi wamba yemwe adati adaonetsedwa m'maloto mtengo wochiza edzi. M'miyezi yoyambirira ya 1995 anthu adakhamukira kumeneko pamalole, pamabasi, panjinga ndi pansi, ndipo ofufuza amati adakwana pafupifupi 300,000. Mankhwalawo anthu adawatcha mchape, pokumbukira gulu lochokera ku Mulanje lomwe m'zaka za m'ma 1930 linkamwetsa midzi yathunthu mankhwala ochotsa ufiti mpaka kukafika ku Northern Rhodesia ndi Tanganyika. A kwathu adapita ambiri, Akhristu ndi Asilamu omwe, madikoni ndi amvano omwe, ena mobisa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ankaima pamzere dzuwa lonse, n'kumwa kapu ya madzi ofiirira a makungwa, n'kulandira lamulo loti asiye chiwerewere. Unduna wa Zaumoyo udati palibe umboni woti mankhwalawo amachiza, mipingo idagawanika maganizo, ndipo chaka chisadathe mzere udafupika. Maliro adapitirira monga kale. Komabe ndikamacheza ndi akuluakulu za Chisupe sindimva mkwiyo. Amati bamboyo sadachize abale athu, koma sadadyenso ndalama yathu, pakuti sankalipiritsa. Kuyambira pamenepo funso la ndalama lidalowa pa muyeso wa wochiza aliyense.

Pomwe khamu linkathamangira ku Chikamana, kumudzi kudatsala anthu ena omwe ntchito yawo siidalowe m'nyuzipepala. Awa adali amayi a Mvano a CCAP, a Legio ya Maria ndi a m'miphakati ya Katolika, a Dorika a Seventh Day, ndi timagulu ta felowoshipu tija. Amalume anga atabwerako ku Limbe ali mafupa okhaokha, amayi amenewa ndiwo ankabwera. Ankafika m'mamawa asadapite kumunda, atatu kapena anayi, wina atasenza ndowa, wina kathumba ka ufa, wina kachidutswa ka sopo. Ankaodira pakhomo mwaulemu wonse. "Achimwene, mwadzuka bwanji?" Ngakhale yankho likhale la m'khosi, ankadikira kuti lithe. Kenako mmodzi ankasesa, wina n'kutulutsa mphasa kukaiyanika, wina n'kuchapa zofunda zomwe ife apabanja tinkaziopa. Phala lothira nsinjiro linkaperekedwa ndi supuni, pang'onopang'ono, mutu wa wodwala uli pamwendo pa mlongo wake. Zonse zikatha ankakhala pansi atatambalala, n'kuwerenga ndime imodzi, kawirikawiri ya m'kalata ya Yakobo yonena za kupempherera odwala, n'kupemphera motsitsa mawu. Sankalonjeza kuti achira. Ankapempha tulo, kuti chifuwa chileke usiku umodzi wokha, kuti ana asagone ndi njala.

Amalume adamwalira. Koma adamwalira ali osamba, akutchulidwa dzina, ndipo pamaliro pawo amayi a Chisilamu a m'mudzimo adabwera ndi nkhuni ndi ufa, monga momwe amvano ankachitira pamaliro a Asilamu. Pa njala ya 2002, pomwe anthu ankadya gaga ndi mizu yakutchire, magulu omwewa ndiwo ankadziwa khomo lomwe utsi sudafuke kuyambira dzulo. Mabungwe atabwera ndi ndondomeko yosamalira odwala kunyumba, adapeza ntchito ili kale m'manja mwa amayiwa. Adangowonjezerapo magolovesi, njinga ndi kope lolembamo.

Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere. Anthu omwe tidali titawalira kale adadzuka n'kubwerera kumunda. Abusa ambiri adaona dzanja la Mulungu m'mabotolo amenewo, ndipo ena ankaima paguwa kulimbikitsa akhristu awo kukayezetsa magazi. Koma m'zaka zomwezo kudabuka wopemphera wa mtundu wina. Kanema wa pa setilaiti adabweretsa aneneri a ku Nigeria ndi South Africa m'mashedi oonetsera vidiyo, ndipo posakhalitsa kwathu kudayamba kufika atumiki a suti yonyezimira, tenti, jenereta ndi zimkuzamawu, ogulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta odzozedwa, ogawa maenvulopu obzalira mbewu. Alimi sadachedwe kuona kuti tenti imakhomedwa thonje likagulitsidwa, osati mu Febuluwale nkhokwe zitatha. Msuweni wanga wina wamkazi adapita ku tenti yotere. Adauzidwa pamaso pa gulu kuti wachira, ndi kuti kupitiriza kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Adakaponya botolo m'chimbudzi anzake akulululutira. Msonkhano utatha mneneri adazula tenti yake n'kupita. Msuweni wanga tidamuika mvula yoyamba isadagwe, ndipo omusambitsa adali amayi aja a ndowa ndi sopo. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu.

Kenako kudabwera ndalama za malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil idafuna njira yaifupi yochotsera malasha ku Moatize kupita ku Nacala, ndipo njira yaifupiyo idali yodutsa m'Malawi. Kuyambira 2012 kampani ya Mota-Engil idamanga njanji ya makilomita oposa 130 kuchokera kumalire a ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kudzalumikiza pa Nkaya. Ogwira ntchito adadzaza malo, ena adalandira chipukutamisozi cha minda yawo, mabala ndi nyumba zogona alendo zidachuluka, ndipo timatchalitchi tatsopano tidamera, tina m'makalasi a pulayimale, tina pansi pa malata ochepa okhomedwa pamitengo. Ntchito itatha anthu ambiri adabwerera ku makala ndi ganyu. Lero sitima za mabogi oposa 100 zimadutsa usana ndi usiku zitadzaza malasha, omwe kuyambira 2022 ali m'manja mwa kampani ya Vulcan, pomwe sitima ya anthu, yomwe idachoka m'manja mwa boma kupita ku kampani ya CEAR mu 1999, imaoneka patalipatali. Mlaliki wa masiku ano amabwera pa kabaza wa njinga yamoto tsiku la msika, sipika ili kumsana, batire ili m'chikwama, n'kuima pakati pa ogulitsa kaunjika ndi a usipa. Zopempherera nazo zachuluka. Pa malungo ndi kuthamanga kwa magazi pawonjezeka pasipoti, ulendo wa ku Joni, ngongole ya banki m'khonde ndi mayeso a Fomu 4.

Choopsa chachikulu pa mapemphero a pamsikawa ndi chala choloza. Wopemphera akauza munthu wovutika kuti pali wina pabanja pake yemwe wamumanga, womvayo amabwerera kumudzi ali ndi nkhope m'maganizo, ndipo kawirikawiri imakhala ya nkhalamba yamasiye. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limakhala kuboma, zikwanje zili pakhomo. Tonse tidamva komwe kuganizirana kotere kumathera pomwe nkhalamba zinayi zidaphedwa ku Neno, boma loyandikana nafe, mu Januwale 2016, anthu akuti zidatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana. Anyamata obadwa mwatsopano aja ankalimbana ndi kachingwe ka m'khosi, ndipo ankati vuto lili mumtima mwako iwe mwini, lapa. Ena mwa a lero amati vuto lili mwa azakhali ako. Mafumu a kuno amakudziwa bwino kusiyana kumeneku, chifukwa milandu yake imathera pabwalo pawo.

Komabe tisanamizane kuti anthu amapita kukapemphereredwa chifukwa cha umbuli. Mayi yemwe wayenda mtunda wautali n'kupeza mzere wofika panja, dokotala mmodzi, ndi mawu oti mankhwala atha mukagule, amafuna munthu woti amufunse dzina lake n'kumumvera mpaka amalize. Pali zowawa zomwe sizioneka pa makina oyezera magazi: kusabereka komwe kwasandutsa mkazi choseketsa cha alamu ake, mwana wosokonekera mutu ndi chamba, mwamuna yemwe adapita ku Joni n'kuleka kuimba foni. Kwa otere, dzanja la pamutu ndi gulu loyankha ameni ndi thandizo lenileni. Ndikudziwa abambo omwe adasiya kachasu pambuyo pa usiku wa mapemphero, ndipo mpaka lero ndalama ya thonje imafika kunyumba. Ndikudziwanso abusa a Pentekosite omwe amalima ganyu limodzi ndi akhristu awo, ndipo akagogodedwa usiku amapalasa njinga kunyamula mayi yemwe matenda amuyamba kupita naye ku Utale, akupemphera m'njira.

Kolera wa 2022 adayesa onse. Adayambira m'boma la Machinga mu Malichi chaka chimenecho, adafalikira dziko lonse, n'kupha anthu oposa 1,700. Nthenda imeneyi siyipereka nthawi yokhomera tenti. Munthu amatha kuyamba kutsegula m'mimba m'mawa n'kutsirizika madzulo. Kusanjika manja kudakhala koopsa, kusambitsa maliro a kolera kudaletsedwa, ndipo m'madera ena mipingo yokana mankhwala idabisa odwala mpaka mafumu ndi alangizi a zaumoyo adalowererapo. Koma ambiri mwa opemphera omwe amakhala pakati pathu adachita zoyenera. Sipika yomwe ija yoitanira anthu kulapa idalengezanso za kuthira kolorini m'madzi, pakhomo la tchalitchi padaikidwa ndowa ndi sopo, ndipo wodwala ankamupempherera ali kale panjinga, ulendo wa kuchipatala.

Mwa zonsezi anthu a pa Nkaya adaphunzira kufunsa. Mlaliki watsopano akafika samuthamangitsa. Amampatsa mpando, amamvera, amavomera kolasi. Koma madzulo pakhonde mafunso amakhala omwewo. Wapempha ndalama zingati? Za mankhwala a kuchipatala wanena chiyani? Watchula munthu? Nanga wodwala uja akaipitsa mphasa usiku, iyeyo adzakhala ali kuti? Amene wakhoza mafunso amenewa amfumu amamuonetsa malo omanga tchalitchi, ana ake amalowa sukulu pompano, ndipo pakapita zaka zochepa amaleka kutchedwa obwera.

Amayi omwe adasenza ndowa m'zaka za edzi akukalamba, ena tidawaika kale. M'matumba mwa alembi a Mvano, Legio ndi Dorika muli makope akale odyeka ndi chiswe m'mbali, olembedwa tsiku, khomo lomwe adayendera ndi zomwe adapereka: ufa mbale ziwiri, sopo, nkhuni mtolo umodzi. Ana a sukulu za kuno omwe akufuna kulemba mbiri ya kwawo ayambire pa makope amenewo, ndipo apite kukacheza ndi eni ake chaka chino, asadikire chamawa.